Wayilesi Yandiuza

Mwana wanga Florentino, wamagetsi uja timamutcha Tino, anamangidwa chifukwa cha mawu awiri. Akanatengera ine akanatseka pakamwa, koma anatengera malemu bambo ake, a Silvestre, anthu oti ukawafunsa funso amayankha ndithu, ngakhale wofunsayo atanyamula mfuti.

Linali Lachiwiri, chaka cha 1985, mvula ili pakati. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikusenda chinangwa, poti ku fabrika ya tiyi kumene ndinkagwira ntchito yosankha masamba anali atatibweza. Dzulo lake masana thiransifoma yaikulu, imene inkapereka magetsi ku makina onse, inali itaphulika n'kupsa. Utsi tinauona tonse a kumakomboni. Munthu sanafepo, ndiye ine ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo.

Lucinda, mkazi wa Florentino, anatulukira akuthamanga, mimba ya miyezi isanu ndi itatu ili patsogolo.

"Amayi, awatenga!"

"Khala pansi kaye, usandiberekere pa chinangwa. Atenga ndani?"

"A Tino. Abwera amilisiya atatu, awamanga manja kumbuyo. Akuti thiransifoma awotcha ndi iwo. Akuti amatumidwa ndi a m'tchire."

Masiku amenewo mawu oti "a m'tchire" sitinkawatchula mokweza. Nkhondo inali itafika kale ku Molumbo, ndipo munthu akangokulozera chala n'kunena kuti umagwirizana ndi zigawenga, panalibenso wofunsa umboni.

Ndinatsuka m'manja, ndinamanga nsalu bwinobwino, ndipo ndinauza Lucinda kuti amalize chinangwacho. Sindinalire. Kulira kumafuna nthawi, ndipo ine ndinalibe.

* * *

Kwatelo, likulu la amilisiya, asilikali a m'mudzi aja, inali m'shedi yakale yoyezera masamba. Mkulu wawo anali Olímpio, mwana wa malemu Berta, mnzanga wa kutchalitchi. Olímpio ameneyu ndinamuyamwitsa miyezi itatu mayi ake atadwala, iye bere ili, Tino bere ili. Tsopano anali ndi ndevu, tebulo ndi mfuti.

"Kamarada Komandante," ndinatero, poti munali anthu.

"Dona Ermelinda." Anayang'ana anyamata ake, iwo n'kutuluka.

"Iwe Olímpio, wamanga m'bale wako?"

"Amayi, musayambe."

"Sindinayambe. Ndikayamba udziwa."

Anapukuta kumaso ndi chipewa. Maso ake anali ofiira. Kenaka anayamba kuwerenga ndi zala ngati mwana wa katekisimu.

"Lachisanu Tino analowa mu ofesi ya ashefi, mkulu wa fabrika, pali anthu atatu, n'kunena kuti, zimitsani thiransifoma, sabata isanathe ipsa. Ashefi anati sangaimitse fabrika masamba ali odzaza, ndipo anamufunsa kuti wadziwa bwanji. Mukudziwa chimene anayankha?"

"Nena."

"Anati, wayilesi yandiuza."

Anapinda chala china n'kupitiriza.

"Loweruka ndi Lamlungu anthu anamuona akuzungulira mpanda wa thiransifoma, wayilesi ili pakhutu. Osati nyimbo, osati nkhani. Phokoso lokhalokha, ngati mmene amachitira anthu otumizirana zizindikiro. Lolemba yapsa. Tsono inuyo, amayi, mukanakhala pampando uno mukanatani? Aliyense akudziwa kuti a m'tchire amalankhulana pa wayilesi. Ashefi akufuna dzina, anthu akufuna dzina."

"Iweyo ukukhulupirira?"

"Zimene ndikukhulupirira ine sizilembedwa pa pepala. Lipoti ndilemba mawa. Lachinayi m'mawa kolona ikunyamuka kupita ku Mocuba, ndipo Tino akwera nayo. Akamufunse kumeneko."

Kolona unali mdipiti wa malole operekezedwa ndi asilikali, poti galimoto yokha sinkafika. Ndinali nditaonapo anthu anayi akukwezedwa kolona atamangidwa. Palibe mmodzi amene anabwerako, ngakhale kalata.

"Ndimuone," ndinatero.

"Saloledwa kuonedwa."

"Iwe, ndinakuona uli maliseche ukudya dothi. Tsegula."

Anatsegula.

* * *

Anamutsekera m'chipinda chosungira matumba a feteleza. Anali atakhala pathumba, chingwe chili m'manja, mlomo wam'munsi utatupa. Atandiona anamwetulira, chitsiru cha mwana.

"Mama, mwandibweretsera chiyani?"

"Khofi."

"Wa shuga?"

"Wa patsaya. Unasowa mawu ena onse pa dziko lapansi? Wayilesi yandiuza! Wayilesi ndi azakhali ako?"

"Koma inandiuzadi, mama."

"Fotokoza. Lankhula ngati ukulankhula ndi munthu wosankha masamba, ndipo fulumira."

Anasendera pafupi. Akayamba za magetsi nkhope yake imasanduka ya bambo ake, mpaka ndimayang'ana kumbali.

"M'kati mwa thiransifoma muli mawaya okulungidwa, ndipo onse amamizidwa m'mafuta. Mafutawo si ofewetsa zitsulo ayi. Ntchito yake ndi kuziziritsa ndi kutchinga magetsi kuti asadumphire pomwe sayenera. Akachepa, nsonga za mawaya zimatsala pamtunda. Pamenepo magetsi amayamba kudumpha pang'onopang'ono, timbaliwali ting'onoting'ono m'kati mwa thanki. Maso satiwona. Khutu silitimva, mpaka zitafika poipa. Koma wayilesi imatimva. Mukapotokola n'kuika pakati pa masiteshoni, pomwe palibe wolankhula, imayamba kuthetheka ngati chiwaya cha pamoto. Mukayandikira phokoso limakula, mukatalikira limachepa. Timbaliwali timeneto timadya zotchinga tsiku ndi tsiku, mpaka tsiku lina timaboola. Basi, moto. Anandiphunzitsa ndi bambo. Ankayenda nayo wayilesi m'munsi mwa mapolo kufunafuna mbale zosweka zija zogwira mawaya."

Ndinakumbuka. Ndinkayesa kuti bamboyo ankangokonda mpira.

"Ndiye sukanatha kuwauza ashefi chonchi?"

"Anandifunsa funso lalifupi, mama."

Ndinamuyang'ana. Ndikanamumenya, koma ena anali atayamba kale.

"Mafutawo anachepa bwanji?"

"Ndi pomwe pali nkhani. Thiransifoma simwa mafuta ngati galimoto. Ndisanapite ku Mongue ku maliro a bambo a Lucinda, kagalasi koonera mafuta kanali kodzaza. Ndinakhalako masiku khumi ndi awiri podikira kuti msewu utseguke. Nditabwera Lachisanu ndinamva wayilesi yanu ikuthetheka ndili pakhomo. Ndinathamangira kumpanda, kagalasi kali gwaa, kopanda kanthu. Alipo amene anatsegula mpopi wa pansi pa thanki."

Apa m'mutu mwanga munayamba kuyera. Nyumba yanga inali yomaliza pamzere, mapazi makumi anayi kuchokera pampanda uja. Tsiku lililonse ndinkatsegula wayilesi ya ku Malawi kuti ndimve mauthenga a maliro, poti abale anga ambiri ali kutsidya kwa Ruo, ndipo nthawi ya nkhondo munthu umamva za imfa ya mlongo wako pa wayilesi. Inayamba kuthetheka Lamlungu linalo, Tino ali ku Mongue. Ndinayesa mabatire. Ndinawayanika padzuwa, ndinawaluma, wayilesiyo ndinaimenya ndi chipande. Osadziwa kuti ikundiuza.

"Inayamba iwe kulibe," ndinatero.

"Eya. Koma ndani akhulupirire kuti wayilesi imanena zoona?"

"Zimenezo zisiyire ine. Kiyi wa mpanda amasunga ndani?"

Tino anayang'ana pansi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake funso linamulemera.

"Apadirinyu," anatero.

* * *

Apadirinyu akewo anali a Zeferino, amene anamunyamula Tino pa ubatizo, n'chifukwa chake iwo ndi ine tinkaitanana kuti akumpadri ndi akumadri. Anali mnzawo wa malemu amuna anga, ndipo pa maliro awo ndi iwo anakumba manda mpaka manja kutuluka matuza. Anakhala mlonda wa pa thiransifoma zaka khumi ndi zisanu. Ndinawapeza masana omwewo atakhala pa chitini, akulonderabe chithanki chakuda chopsa, ngati alipo angachibe.

"Akumadri! Pois, pois. Khalani apa, khalani apa. Mvula ya chaka chino, eti? Nyemba zanu zamera?"

"Akumpadri, mwana wanu wa ubatizo akukwera kolona Lachinayi."

"Ee? Khutu ili, akumadri, kuyambira chiphulikire chija..."

"Ndibwere mbali inayo?"

"Nalonso layamba."

Ndinawasiya n'kuyamba kuyang'ana. Njinga yawo inali itatsamira mpanda. Njinga imeneyo tonse tinkaidziwa, inkalira ngati mbuzi yomangidwa, moti mlonda asanafike akuba ankakhala atamva kale. Tsikulo tcheni chake chinali kunyezimira. M'sitolo munalibe mafuta a mtundu uliwonse kuyambira Pasaka.

"Tcheni chawala bwanji?"

"Nsatsi, akumadri. Mayi a kunyumba anatcheza nsatsi."

Ndinapaka chala n'kununkhiza. Mafuta a nsatsi ndimawadziwa, ndinadzoza nawo ana anayi. Awa anali opyapyala ngati madzi, fungo lake lopita ku palafini.

Chitseko cha mpanda chinali chotsegula. Ndinalowa. Pansi pa thanki panali kampopi kachitsulo, mutu wake utapindika ngati wina anaumenya ndi chinthu chosayenera. Pansi pake wina anali atathira mchenga woyera wa kumtsinje. Ndinafukula ndi chidendene. M'munsi dothi linali lakuda, lonona, mpaka kutali.

"Mchenga uwu wathira ndani?"

"Nyerere, akumadri."

"Nyerere za fosholo?"

Anavula chipewa n'kuyamba kuchizunguliza m'manja.

"Ine ndine mlonda, sim senhora. Ndimalonda akuba. Koma munthu akabwera masana dzuwa likuswa mtengo, n'kupereka moni, n'kufunsa za kunyumba, ameneyo ndi wakuba?"

"Anapereka moni ndani?"

"Ndiye mpopiwo sunafune kutseguka. Anaumenya ndi nyundo. Utatseguka sunafunenso kutsekeka bwino. Unkangodontha, tho, tho, tho. Ndinaikapo chitini, chinadzaza. Ndinamangapo mphira, sizinathandize. Ndinati Tino akabwera ndimuuza, koma atabwera ndinachita manyazi." Anandiyang'ana, maso atadzaza misozi. "Akumadri, ndifunseko ine wosaphunzira. Njinga imafuna mafuta poti imazungulira. Chigayo chimafuna mafuta poti chimazungulira. Nanga chinthu chongokhala phee zaka khumi ndi zisanu, chopanda tayala, chopanda lamba, mafuta chimawafuniranji? Ndinkayesa kuti azungu anangowasungamo n'kuiwala."

Sindinawakalipire. Kunena zoona, dzulo lake ndikanafunsidwa ine, ndikanayankha chimodzimodzi.

"Tchulani dzina."

"Ndikatchula, Lachinayi sindifika n'komwe."

"Musatchule, ndiye apita ndi Tino."

Analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka. Ndinawadikira pang'ono, koma dzina silinatuluke. Ndinanyamuka. Ndili pachitseko anandiitana motsitsa mawu.

"Akumadri. Botolo limodzi linapita kwa Januária."

* * *

Usiku wonse ndinagona ndi Januária m'mutu. Ankagulitsa zokazinga pachipata cha kwatelo kuyambira kale, ndipo ndinali nditamuweruza kale: wakazingira ana athu zitumbuwa m'mafuta a magetsi. Lachitatu m'mawa ndinamupeza akuvundula mtedza m'phale la mchenga.

"Mana Ermelinda! Ndamva, ndamva, ndamva. Tino yemwe uja? Amene anandikonzera nyale osalandira kanthu? Anthu awa alibe manyazi. Tengani mtedza."

"Sindinabwerere mtedza. Mafuta a m'botolo aja unawatani?"

Anaponya chipande pansi.

"Ndiye mwabwera kudzanditcha wakuba pamalo panga? Mana, tayang'anani phaleli. Ndikanakhala ndi mafuta ndikanamakazinga mtedza pamchenga ngati mfiti? Chitumbuwa ndinachiona komaliza pa Pasaka, ndipo chinali cha eni ake!"

"Tsitsa mawu. Botolo linabwera kapena silinabwere?"

Anayang'ana kuchipata, n'kusendera kufupi. Januária akanong'ona amamveka ku Muloza, komabe anayesetsa.

"Linabwera. Anabwera nalo ndi Afonso, wachiwiri wa komandante, uja woyenda ngati wameza ndodo. Akuti, titiya, tikazingireni zitumbuwa, mafuta ndi awa. Oyera mbee ngati madzi a pachitsime. Ndinadonthezera pang'ono m'chiwaya. Mayo! Utsi wake ndinatsokomola mpaka Lachiwiri. Ndinamuuza kuti, mwanawe, tenga ukadzole, ine sindipha anthu."

"Anati wawatenga kuti?"

"Akuti boma latumiza a mfuti."

"Boma limene lalephera kutumiza sopo?"

"Ndi zimene ndinanena inenso! Koma pitani Loweruka pansi pa mango apo mukaone. Amayala mfuti zonse pamkeka, mabotolo ali ndandanda, kupukuta, kupaka, kupukuta. Otsala amapita nawo kunyumba. Wina wa nyale, wina wa njinga, wina akuti amapha mphere. Akazi awo miyendo ikuwala ngati ya pa ukwati. Inu simunaone ku Misa?"

Ndinali nditaona. Ndinkayesa kuti adutsa nawo kuchokera ku Malawi.

"Ndiye poti yapsa, atha," ndinatero.

"Atha kuti? Dzulo lomweli Afonso wadutsa pano ndi mabotolo awiri odzaza."

"Dzulo? Kuchokera kuti?"

Analoza ndi mlomo njira yotsikira kumtsinje.

"Kumene akhala akutsikira kuyambira sabata yatha. Ku pampu."

Ku pampu kunali thiransifoma ina, yaing'ono. Inkayendetsa pampu ya madzi, n'kupereka magetsi ku kachipatala kathu ndi ku kwatelo komweko. Kachipatala kamene Lucinda ankayembekezera kukachirirako.

Ndinatenga mtedza wodzaza dzanja, poti ndinali ndisanadye chichokere dzulo, ndipo ndinapita kunyumba kukatenga wayilesi.

* * *

Ndinayamba ndatsikira ndekha ku pampu, kuti ndisakachite manyazi pamaso pa anthu. Nditamva zimene ndinamva, ndinakwera chitunda chija mothamanga, ine wa zaka makumi asanu ndi ziwiri.

Olímpio anali patebulo, cholembera m'manja, pepala litalembedwa theka. Ndinaika wayilesi pamwamba pa pepalalo.

"Dzuka, tiye."

"Amayi, ndili pantchito."

"Nanenso. Tenga mfuti yako, usaisiye."

Ananditsatira, mwina pofuna kuti anyamata ake asamve zimene ndinganene. Titafika panjira ya kumtsinje ndinamupatsa wayilesi.

"Tsegula. Potokola mpaka pomwe palibe wolankhula."

Anapotokola. Inangoti siii, ngati mphepo ya m'bango.

"Yenda."

Tinatsika. Titadutsa nthochi za a katekisiti, inayamba: the, the, the, mwa apo ndi apo. Olímpio anaigwedeza.

"Mabatire atha."

"Nanenso ndinatero. Ndinawaluma. Yenda."

Pa mlatho wa matabwa kuthetheka kunachuluka. Titafika pa mpanda wa thiransifoma yaing'ono, wayilesi inali kukazinga ngati chiwaya cha pa ukwati, moti sitinkamvana. Olímpio anaima. Anabwerera m'mbuyo mapazi khumi, phokoso linachepa. Anayandikira, linakula. Anabwereranso. Anachita zimenezi katatu, kukamwa kuli yasa, mfuti ikulendewera kumsana, ndipo kwa kanthawi ndinaona kamwana kaja kankathamangitsa ziwala kuseri kwa nyumba yanga.

"Ikunena chiyani?" anafunsa.

"Zomwe inamuuza Tino. Mafuta achepa, magetsi akudumpha m'kati, ipsa. Kwanga inayamba kulira chonchi Lamlungu lija Tino ali ku Mongue, msewu uli wotseka. Ukawafunse a mzere wathu wonse, anandimva ndikuitukwana. Tsono iwenso wamva. Udzimange."

Sanaseke. Anazimitsa wayilesi.

"Chabwino. Wayilesi imamva magetsi. Koma wochotsa mafutawo ndani? Akhoza kukhala yemweyo, anatsegula asanapite."

"Naiyi anatsegula ali m'chipinda chako cha feteleza?"

Ndinathyola kaphesi ka udzu, n'kukapisa pa waya wa mpanda mpaka pansi pa kampopi, pomwe panali chithaphwi chonona. Ndinakaika pamphuno pake.

"Nunkhiza."

Ananunkhiza.

"Bweretsa mfuti."

"Amayi, mfuti sagwira munthu wamba."

"Gwira wekha. Paka chala apo pamene pamayenda chitsulo. Nunkhiza."

Anachita pang'onopang'ono. Chala chinafika pamphuno n'kukhala pomwepo.

Pampu inali kugunda kumtsinje.

"Mfuti zinkachita dzimbiri ndi mvula," anatero potsiriza, mawu ali pansi. "Zitatu zinakana kulira. Ndinamuuza Afonso kuti apeze mafuta kulikonse. Tsiku lotsatira anabwera nawo. Sindinafunse."

"Sunafunse. Ndiye pamenepa wotuma ndani, wotumidwa ndani?"

"Amayi..."

"Ndimvere, ndatopa ndipo sindibwereza. Ukalemba kuti sabotaje, kuti wawononga dala, ku Mocuba akamufunsa Tino kuti mafuta anapita kuti. Ukumudziwa. Akayankha. Akanena za kagalasi, za mpopi, za masiku amene anali ku Mongue. Akamupha ndithu, poti kumeneko sabweza munthu, koma kolona yotsatira idzabwera ndi anthu odzanunkhiza mfuti zanu. Ine ndidzataya mwana mmodzi Lachinayi, wina mwezi wamawa. Nonse awiri ndinakuyamwitsani. Sindikufuna kutaya ngakhale mmodzi."

Anatembenuka n'kuyang'ana kumtsinje. Ndinamusiya. Mwamuna wa ndevu safuna kuonedwa nthawi ngati imeneyo.

Ndi pamene ndinamva. Wayilesi inali yozimitsa, koma kuthetheka kunalipobe, kochepa, kochokera m'thanki mwenimwenimo. Tino anali atanena kuti khutu limamva zikafika poipa.

"Olímpio. Tamvera."

Anamvera. Nkhope inasintha.

"Iyi ikapsa kuchipatala kulibe madzi, ndipo wayilesi yanu yoitanira asilikali ifa. Alipo mwa anyamata ako amene amadziwa kuizimitsa?"

Anandipatsa wayilesi n'kuyamba kuthamanga kukwera chitunda.

Anabwerera ndi mwana wanga, Tino ali patsogolo, manja omasuka, atanyamula ndodo yake yaitali ya ngowe kunsonga. Sanandipatse ngakhale moni. Anatiuza kuti tiime kutali, kuseri kwa nyumba ya pampu. Anazimitsa pampu kaye, kenaka anaima pansi pa polo, n'kukola ndi ngoweyo timafyuzi titatu ta pamwamba, kamodzikamodzi. Kalikonse kanagwa n'kulendewera. Ndinatsegula wayilesi. Inangoti siii.

"Ikanafika mawa?" anafunsa Olímpio.

"Mwina madzulo ano," anatero Tino. "Mafuta otsala m'mabotolo musabwezeremo, alowa madzi. Muli dramu limodzi losatsegula m'nyumba yosungira zida ya fabrika. Ndikatseka mpopiwu bwinobwino n'kuthiramo, Loweruka madzi abwera."

"Loweruka," anatero Olímpio, ngati akulawa mawuwo, poti kolona inali ya Lachinayi.

* * *

Tinabwerera ku kwatelo atatu. Olímpio anatulutsa anyamata ake onse, n'kuuza Afonso kuti asonkhanitse mabotolo onse, a m'nyumba omwe, asanafunsidwe kawiri. Kenaka anakhala patebulo. Anatenga pepala lolembedwa theka lija, analiwerenga, n'kuling'amba tizidutswa ting'onoting'ono. Anatenga lina.

"Ashefi akufuna dzina," anatero, osayang'ana aliyense. "Sabotaje imafuna munthu. Mawu ena aja ndi ati, Tino? Makina akangowonongeka okha?"

"Avaria."

"Avaria." Anayamba kulemba, n'kuima. "Ndi b kapena v?"

"Ndi v. Koma kunena zoona si avaria yeniyeni, poti alipo amene anatsegu..."

Ndinamuponda phazi ndi chidendene changa chonse. Anatseka pakamwa.

Olímpio analemba mizere isanu ndi umodzi. Anawerenga mokweza m'Chipwitikizi, kenaka anandimasulira: mpopi wa thanki unawonongeka, mafuta anatayikira pansi, wamagetsi anachenjeza nthawi ilipo, ndipo wapulumutsa thiransifoma yachiwiri. Munalibe bodza ngakhale limodzi. Anasaina, anadinda.

"Ashefi akakana?" ndinafunsa.

"Ndikawakumbutsa kuti anachenjezedwa pamaso pa anthu atatu, iwo n'kukana kuzimitsa. Asaina."

"Nanga akumpadri anga a Zeferino?"

"Avaria ilibe dzina, amayi."

Ndinanyamula wayilesi yanga. Pachitseko ndinatembenuka.

"Wadya chiyani lero?"

"Sindinadye."

"Kuli chinangwa kunyumba. Ubwere wopanda mfuti, inunkhitsa nyumba."

Lachinayi m'mawa kolona inandanda pamsewu, malole khumi ndi anayi, asilikali atakhala pamwamba pa mabokosi a tiyi. Lucinda anati tikhale m'nyumba, koma ine ndinakana. Pepala ndi pepala, munthu akhoza kusintha maganizo injini zitalira. Ndinamutenga Tino n'kukaima naye pambali pa msewu, pomwe aliyense akanationa, nditamugwira pamkono. Olímpio anapereka envulopu kwa mkulu wa asilikali. Mkuluyo anaitsegula, anawerenga, anafunsa kanthu. Olímpio anayankha osayang'ana kumene tinali. Mkuluyo anapinda pepalalo, analiika m'thumba la malaya, n'kukwera.

Malole anayamba kuyenda, imodzi imodzi, matope akuthovoka.

"Mama, mukundipweteka," anatero Tino.

"Khala chete."

Ndinamusiya mkono lole yomaliza itakhota.